Galimoto Ikaima, Ndalama Ziyende

Kuno ku Chisepo nkhani ya malo oimikapo galimoto si yoti anthu angakhalire pansi. Malo alipo ambirimbiri, chosowa ndi galimoto. Ukafika pamsika umangoyang'ana pomwe pali mthunzi, kuingitsa mbuzi yomwe yagona pamenepo, basi waimika. Koma msika wa fodya ukatsegulidwa ku Kanengo cha mu Epulo, pofika mu Julayi ndalama zimakhala zayamba kuyabwa, ndipo anthu akwathu amatsetserekera ku Lilongwe kukagula malata ndi simenti. Kumeneko ndiye amakakumana ndi mnyamata wa jekete lowala, kabuku ka matikiti kali m'manja. Zimene amabwera akusimba ndi zomwe ndakutolerani sabata ino.

Atsibweni anga anagula kapikapu kakalekale chaka chomwe fodya anawayanja. Ulendo woyamba unali wa ku Dedza, kukaonetsa galimoto kwa asewere awo. Pa zipata za Kalinyeke, zija zinayamba kulipiritsa mu 2022, anapereka ndalama osanyinyirika, poti msewu ndi wa boma ndipo tayala limadyadi phula. Pobwerera anakhotera mu Malangalanga. Asanazimitse n'komwe injini, mnyamata uja anali atafika kale pawindo.

"Ya pakingi, bwana."

"Ndalakwanji, mwana wanga?"

"Simunalakwe ayi. Mwaima."

Atsibweni anavula chipewa n'kukanda dazi. "M'mawa uno ku Kalinyeke andilipiritsa chifukwa ndimayenda. Iwe ukundilipiritsa chifukwa ndaima. Tandiuza, galimoto imeneyi ichite chiyani kuti ikhale yosalakwa?"

Mnyamata anaiyang'ana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, bampala yomangidwa ndi waya, chitseko chotsekera chingwe.

"Muigulitse, bwana."

Pamenepo atsibweni anagonja, anapisa m'thumba n'kutulutsa K5,000 yatsopano, yosapindidwa n'kamodzi komwe.

"Chenji ndilibe," anatero mnyamata.

"Ndiye titani?"

"Ingoimani mpaka ikwane."

Wina akanaseka n'kumapita. Atsibweni anga ndalama sataya. Anagula zogula zawo, anamanga katundu bwinobwino, kenaka anakhala m'galimoto, chipewa kumaso, kudikira kuti ndalama yawo ithe. Dzuwa litapendeka mnyamata uja anabwera kudzatsanzika kuti akuweruka.

"Yatha?"

"Yatsalako pang'ono, bwana."

"Chabwino. Mawa undisungire malo omwe ano, ndidzamalize."

*

Mkulu wina wa cha ku Nambuma anasiya galimoto pamalo oletsedwa n'kupita kukadya nsima ya mbuzi, mosathamanga. Pobwera anapeza tayala lakutsogolo litalumidwa ndi chitsulo chokhala ndi loko. Anasangalala zedi. "Anthu amanama kuti m'tauni mulibe chifundo. Taonani, andikhomera kuti akuba asaitenge!" Anayamba kufunsafunsa mwini loko kuti amuthokoze. Atamupeza n'kumva mtengo womasulira, anawerama, analisisita tayala lija, mawaya ali pamtunda.

"Achimwene, tayala ili ndinagula ndi ndalama yosafika theka la imene mwatchulayo. Litengeni pamodzi ndi loko wanuyo. Ine sipeya ndili nayo."

*

Chakumapeto kwa 2024 mafuta a galimoto atasowa, alamu anga anatulukira chinthu chimene ophunzira onse a mumzinda sanachione: malo okhawo oimikapo mwaulere ndi pamzere wa mafuta. Ankafika m'mamawa, kulowa pamzere, kupereka moni kwa wakutsogolo ndi wakumbuyo, "Mundionereko, ndikubwera," n'kupita kukapikula katundu wa golosale yawo. Pobwera masana mzere uli pomwepo, galimoto ili bwinobwino, yozunguliridwa ndi alonda ambirimbiri osafuna malipiro.

Zinawayendera mpaka tsiku lomwe mafuta anafikadi, iwo ali ku msika wa Tsoka akuyesa jekete la pakaunjika. Galimoto ya alamu handibuleki yake ndi mwala. Anthu akumbuyo anangochotsa mwalawo n'kumaikankha pang'onopang'ono mpaka pa pampu. Alamu anafika ali wefuwefu, matumba a sopo ndi shuga paphewa, m'thumba mulibe ndi tambala yomwe.

"A zingati, bwana?" anafunsa wothira mafuta.

Alamu anayang'ana kumbuyo, mzere wonse maso ali pa iwo.

"Ayi, ine ndimangofuna ndione ngati afikadi."

*

Tiseke, koma amene akulira zenizeni ndi eni masitolo ang'onoang'ono a m'mbali mwa msewu. Munthu wakwathu sagula mothamanga. Amayamba ndi moni, afunse za ana, adandauleko za mvula, agwire nsalu, apite nayo padzuwa, ainyozeko pang'ono, atuluke atakwinya nkhope, kenaka abwerere. Pobwerera pamenepo ndi pamene amaona mpango, masokosi a mwana, ndi ambulera yomwe sanaiganizire pochoka kunyumba. Phindu la wasitolo lili pa zinthu zimene munthu sanabwerere. Ndiye pakati pa mwambo wonsewu wina waikapo wotchi.

Mayi wina wogulitsa zitenje ku Area 2 anandiuza kuti adani ake si anzake ogulitsa ayi, koma amuna a makasitomala ake. Kale bambo ankatsala m'galimoto, kuwerenga nyuzi mpaka masamba a maliro, kusowa chifukwa chofulumizitsira mkazi wake. Lero chifukwa wachipeza, chovomerezeka ndi lamulo. Amaima pakhomo la sitolo, chala chili pa wotchi.

"Make mwana, ola likutha. Si ine ayi, ndi lamulo."

Mayi amene akanagula zitenje zitatu amatuluka ndi chimodzi, chinanso chosamukomera. Ine ndikuona kuti atati pachitike chisankho cha amuna okhaokha, msonkho umenewu ungapambane popanda ndi kampeni yomwe.

Wasitoloyo naye si mwana. Tsiku lina bambo wina atayamba za wotchi zija, anamukokera mpando. "Khalani pansi, bambo, ya pakingi ndilipira ndine." Bambo anakhala, mphamvu zonse zitamuthera. Anamupatsa ndi Sobo wozizira. Mayi anasankha modekha zitenje zinayi, chilichonse mtengo wake utakwera pang'ono kuposa wa dzulo. Bamboyo analipira pakingi yake kanayi, n'kuthokoza kawiri, ndipo akuti mpaka lero amauza anzake kuti m'tauni monse sitolo yaulemu ndi imeneyo.

Koma wogulitsa nthochi sangagulire munthu Sobo. Bwana wa galimoto amene kale ankaima, kutsika, kusankha phava, kugulanso mtedza ndi chimanga chootcha, masiku ano amangochepetsa liwiro n'kutulutsa dzanja pawindo. Malonda onse amachitikira pa liwiro. Mnyamata wina wa nthochi akuti chenji amakaperekera pa raundabauti. Mabwana enawo anasiyiratu kubwera kumeneko, amapita ku masitolo akuluakulu okhala ndi bwalo lawolawo, komwe nthochi zake zimakhala m'pepala la pulasitiki ndipo palibe woti unenerere naye.

*

Si onse akulira, tisanamizane. Mwini sitolo ina ya zipangizo zomangira anandikokera pambali n'kunena monong'ona kuti iye msonkhowu amaupempherera. Kale pakhomo pake pankadzaza galimoto za anthu ogwira ntchito m'maofesi, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka kuweruka, osagula ndi msomali womwe. Wofuna matumba makumi awiri a simenti ankaimika kutali, n'kumalipira anyamata osenza, ndipo ulendo wotsatira ankapita kwina. Panali galimoto ina imene mwini wake anaisiya kuti akubwera pompano, ndipo inakhala mpaka udzu unamera kuzungulira matayala, nkhuku ya mlonda n'kuswera anapiye pansi pake. Tsiku lomwe matikiti anayamba, mwini wake anatulukira ndi makaniko awiri. Za anapiye akuti anafuna amugawireko, poti anaswedwera pa malo ake.

Mkuluyu akunena zoona, ndipo kumene zinthuzi zinayambira nkhani yake inali yomweyi. Makina oyamba olipiritsa galimoto yoima anaikidwa mumzinda wa Oklahoma City ku America mu 1935, ndipo odandaula amene anachititsa zimenezi anali a malonda, poona kuti ogwira ntchito m'tauni akutsekereza malo tsiku lonse, ogula n'kumasowa poima. Cholinga chinali choti galimoto zizisinthana, wina akachoka wina alowe. Kwathu kuno kawirikawiri cholinga chimaoneka kuti ndi kabuku kaja kathe msanga.

*

Ukalipira wa jekete lowala usaganize kuti wamaliza. Ukangotseka chitseko pamatulukira wina, wopanda jekete, wopanda kabuku.

"Ndikuyang'anireni, bigi."

"Ndalipira kale kwa mnzakoyo."

"Uyo mwalipira kuti galimoto iime. Ine ndi woti muipeze ndi magalasi ake."

Palibe amene ndinamva kuti anapitiriza kutsutsa.

Ndiye ndikamadutsa pa Mponela ndimachita kuvula chipewa. M'malo ogona alendo a pamenepo mumadzaza galimoto zikuluzikulu zochokera ku Lilongwe, eni ake ali m'kati pa maphunziro a masiku atatu okambirana za umphawi wathu. Galimoto zimaima mwaulere, eni ake amasainira alawansi. Ku Lilongwe ukakhala malo amodzi umalipira, pa Mponela ukakhala malo amodzi umalipidwa, koma msewu wake ndi umodzi womwewo wa M1.

*

Nzeru za m'tauni sizichedwa kufika kumudzi. Mnyamata wina wakwathu, atalemba mayeso a Fomu 4, anakakhalako kwa achibale ku Area 25 ndipo anabwerako ndi zinthu ziwiri: jekete lowala la pakaunjika ndi kabuku ka malisiti kogula m'golosale. Tsiku la msika anakaima pansi pa mkuyu pomwe anthu akhala akutsamiritsa njinga kuyambira nthawi ya chitaganya, n'kulengeza kuti kuyambira lero malo ano ndi olipira.

Woyamba kufika anali mkulu wa ngolo, atanyamula matumba a soya.

"Ngolo mulipira mtengo wa lole, madala."

"Lole? Tawerenga matayala. Ndi awiri, chimodzimodzi njinga."

"Nanga miyendo isanu ndi itatuyo?"

"Miyendo si matayala. Iweyo walipira zingati poima pamenepo ndi miyendo yako iwiriyo?"

Ali m'kati mokangana, ng'ombe yakumanja inakweza mchira n'kusiya mulu wofunda pafupi ndi nsapato za mnyamatayo. Mkulu wa ngolo analoza ndi chikwapu.

"Ndi imeneyo, yalipira. Pita ukafunse mtengo wa thumba la fetereza chigwetsereni kwacha mu Novembala 2023, ukabwere undipatse chenji."

Wachiwiri anali mphunzitsi wa pa pulayimale, munthu wolemekeza malamulo. Analipira, analandira lisiti, analipinda bwino n'kuliika m'thumba la malaya. Pobwera masana anapeza mthunzi wasamukira kum'mawa, njinga ili padzuwa, chishalo chikutentha moti sakanakhalapo. Anatulutsa lisiti lija n'kupempha kuti amubwezere theka, poti iye analipirira mthunzi.

"Aphunzitsi, njinga yanu yasuntha?"

"Ayi."

"Ndiye mbali yanga ndachita. Za mthunzi kafunseni dzuwa."

Mphunzitsi anati akalemba kalata. Sitikudziwa kuti analembera ndani.

Kenaka panafika agogo ena atakwezedwa pa njinga ndi mdzukulu wawo, nkhuku ili m'manja. Atamva za tikiti sanadabwe n'komwe. Iwo anaona nthawi ya Kamuzu, pamene pachipata cha msika pankaima anyamata a yufi kufunsa khadi la chipani, ndipo wopanda khadi sankalowa ngakhale akufuna mchere wokha. Anamasula mfundo ya pachitenje, anapereka ndalama, analandira kapepala.

"Kameneka katha liti, mwanawe?"

"Pakatha ola limodzi, agogo."

"Ola? Khadi lija tinkalitukwana chamumtima, koma linkatha chaka!"

Cha m'ma 11 koloko nkhani inafika kwa anyakwawa. Anabwera pang'onopang'ono ndi ndodo yawo, anauyang'ana mkuyu kuyambira kumizu mpaka kunsonga, kenaka anayang'ana mnyamata.

"Mtengowu unadzala ndiwe?"

"Ayi, gogo chalo."

"Dothi ili ndi la kwa amako?"

"Ayi."

Tonse tinati basi, bizinesi yatha. Anyakwawa anatsokomola, anasendera pafupi, anatsitsa mawu. "Ndiye madzulo uzidzera kunyumba, tiziona mmene kabukuko kayendera."

Amene anathetsa nkhaniyi si mfumu, si mphunzitsi. Ndi mayi wa tiyi. Kanyumba kake ka tiyi kali pafupi ndi mkuyu uja, ndipo makasitomala ake enieni ndi anyamata a kabaza, amene amamwa tiyi wamkaka ndi sikono ziwiriziwiri akudikira okwera. Atamva za tikiti, a kabaza onse anasamukira tsidya lina la msewu, pansi pa mtengo wa mango, pomwe pali mayi winanso wa tiyi, amene awiriwa salankhulana chiyambire nkhani ina ya pa chinkhoswe. Okwera anatsatira a kabaza. Wogulitsa mandasi anatsatira okwera. Wa chiwaya anazula chiwaya chake chikadali chamoto. Wometa anangonyamula mpando ndi galasi. Pofika tsiku la msika lachitatu, pansi pa mkuyu panatsala mnyamata wa jekete, mbuzi ija, ndi ketulo ya tiyi yowira yokha.

Mayi uja anatuluka ndi mthiko. Sanamumenye, anangouonetsa. Anakambirana mwachidule, ndipo pofika mawa lake pakhomo panali chikwangwani cholemba ndi makala: "Pakingi yaulere kwa ogula sikono ziwiri." Mnyamata anamulemba ntchito yotsuka makapu. Jekete amavalabe.

Chikwangwanicho nachonso chinabala zake. Mkulu wina anagula sikono ziwiri Lachiwiri, n'kusiya njinga yake yamoto mpaka Loweruka, ati kunyumba kwake denga likudontha. Atafunsidwa, anatulutsa sikono imodzi m'thumba, youma gwa. "Sindinamalize kudya, mayi."

Amene sanavutikepo ndi mpikisano umenewu ndi mayi wa kachasu kuseri kwa msika. Iye pakingi yaulere anayamba kalekale, ya usiku wonse, poti makasitomala ake akamaweruka palibe amene amatha kukwera njinga. M'mawa akabwera kudzatenga njinga zawo amayamba achotsa kaye matsire, ndipo njinga zija zimagonanso.

*

Pamsika uliwonse wa m'maboma athu ano, kaya ku Madisi, ku Malomo kapena kuno, wogulitsa tomato amadula tikiti tsiku ndi tsiku, ndipo lamulo la maboma ang'ono la 1998 limapatsa makhonsolo mphamvu yotolera ndalama zotere. Palibe cholakwika pamenepo. Mzinda sungasesedwe ndi mapemphero, ngalande sizidzikumba zokha. Chimene chimawawa anthu ndi kupereka osaona kumene zikupita. Mayi wina wa tomato anafunsa wodula matikiti tsiku lina:

"Kodi achimwene, ndalama zimenezi zimapita kuti?"

"Ku chitukuko, mayi."

"Chitukukocho chimakhala mudzi uti? Tikachione tsiku lina, poti ndife timachidyetsa. Mwina kwawoko chimbudzi chilipo."

Wa galimoto m'tauni funso lake ndi lomwelo. Amalipira kuti aime, koma poima pake ndi pa dzenje lodzaza madzi, mzere wopenta palibe, usiku nyale siyaka, ndipo galasi amalipirira padera. Wasitolo naye amalipira laisensi ya sitolo yake, kenaka amaonerera kasitomala wake akuthamangitsidwa ndi wotchi.

Ine pempho langa kwa akuluakulu a m'mizinda ndi laling'ono. Tolerani ndithu, koma mphindi zoyambirira zikhale zaulere, kuti wogula buledi, mankhwala kapena nthochi aime ngati munthu, ndipo wolipira akhale uja wofuna kugoneka galimoto tsiku lonse. Mitengo ilembedwe pa chikwangwani poonekera, isamachokere m'mutu mwa wa jekete atayang'ana kaye nsapato zako. Ndipo ndalama zotoleredwa mumsewu zizionekera mumsewu womwewo.

Kwa inu akwathu a ku Chisepo, Mponela, Madisi ndi uko ku mapiri a Ntchisi amene muli ndi ulendo wa m'tauni mwezi uno: nyamulani ndalama zing'onozing'ono, funsani lisiti, ndipo kuchuluka kwa zitenje mugwirizane ndi mayi akunyumba musanatsike m'galimoto.